Kodi munthu angadye kuti ku Kasungu, nanga angamwere kuti?

Ndalandira kalata pa imelo kuchokera kwa achimwene ena amene angosamutsidwa kumene pantchito, kuchoka ku Blantyre kubwera ku Kasungu. Ndaifupikitsa, koma nkhani yake ndi iyi: "Mayi akunyumba atsalira kaye ku Blantyre mpaka ana atsekere sukulu. Ine kuphika sinditha, ndipo tchipisi chandikola. Anzanga akuntchito akuti kuno kulibe malo. Kodi n'zoona? Tandiuzaniko kumene munthu angadye nsima yeniyeni, komanso kumene angakhale pansi Loweruka n'kumwako pang'ono mosaopa kuswedwa botolo m'mutu."

Achimwene, takulandirani kuno kwa alimi a fodya. Anzanuwo sakunama kwenikweni, koma akukuuzani mbali imodzi. Ngati mukufuna malo onga Bwandilo wa ku Area 47 ku Lilongwe, kumene mabala ndi ziwaya zandandalikana pamodzi moti umangotuluka umu n'kulowa umu, kuno simuwapeza. Kasungu ndi tauni ya alimi ndi apaulendo. Inakulira m'mbali mwa msewu wa M1, makilomita pafupifupi 130 kumpoto kwa Lilongwe, ndipo ophika ambiri amaphikira munthu amene watsika basi ya ku Mzuzu ali ndi njala, kapena mlimi amene wabwera m'tauni kudzagula feteleza. Anthu oterewa sawerenga zikwangwani. Amayang'ana nthawi, amayang'ananso pamene padzaza anzawo. Inunso phunzirani zomwezo. Malo omwewo amene mungawatame 12 koloko masana mukhoza kuwatukwana 3 koloko, ophika ali omwewo, mapoto ali omwewo.

Tiyambe ndi nsima poti ndiye yakusowetsani mtendere. Malesitilanti ang'onoang'ono achulukira kufupi ndi msika ndi kudepoti. Ambiri ndi kachipinda kamodzi, mabenchi, nsalu yotchinga pakhomo, ndi bolodi lolembedwa ndi choko. Amayi ake amayamba kuphika ndiwo m'mawa, ndipo nsima yoyamba imapakulidwa dzuwa lisanafike paliwombo. Fikani pakati pa 12 koloko ndi 1 koloko. Nthawi imeneyo nkhuku idakali ndi ntchafu zake, msuzi sunathiridwe madzi, ndipo nsima ikuchoka pamoto inu mukuona. Mukachedwa mupeza khosi ndi mapiko, ndi mitanda yogona m'kontena yochita thukuta. Si nkhanza za ophika ayi. Amaphika molingana ndi anthu amene akuwayembekeza, chifukwa ndiwo zotsala ndi ndalama yotayika.

Musachite manyazi kusuzumira kuseri. Malo ambiri amaphikira panja, ndipo mudzaona nokha mayi atapana poto wamkulu, manja onse awiri ali pa mthiko, akuvundula mpaka nsima kuchita kulira kuti phwii. Kenako amaviika chipande m'madzi, kuomola mtanda, kuviikanso, kuomola wina. Ngati mitandayo ikutuluka yosalala ndipo sikumatirira kuchipande, khalani pansi, mwafika. Funsaninso ngati ali ndi mgaiwa. Ambiri amaphika ya ufa woyera kapena wa gramilu poti ndi imene makasitomala amaifuna, koma alipo ena amene amasunga kapoto ka mgaiwa pambali. Kwa munthu wokhala pa mpando tsiku lonse ngati inu, umenewo ndiye wabwino.

Pa ndiwo ndili ndi maganizo anga, ndipo ena atsutsa. Ku Kasungu itanitsani nkhuku yachikuda, imene ambiri amangoti ya lokolo, ndi masamba otendera. Chifukwa chake n'chapafupi: zonse ziwiri n'zakonkuno. Nkhuku zimabwera m'mawa pa njinga kuchokera m'midzi yozungulira. Mtedza ndiye musanene, Kasungu ndi Mchinji ndi kwawo kwa mtedza, choncho nsinjiro sizichita kupemphetsa. Nkhwani wotendera wa kuno amakhala wolemera, osati uja wongonunkhiritsa nsinjiro kuti dzina likhalepo. Nkhuku yachikuda imafuna nthawi pamoto, ndiye mukaona yafewa koma fupa lili gwa, msuzi wake wa tomato ndi anyezi basi, dziwani kuti mayiyo anadzuka m'mamawa. Mtengo wake umaposa wa nkhuku yachizungu, koma mukalawa mudziwa kumene kwapita ndalama yanu. Ndipo mukazolowerana nawo, apempheni kuti azikusungirani nthutumba. Amasungira amene amamudziwa.

Nsomba ilipo, koma kumbukirani kuti nyanja ili kutali. Yambiri imachokera ku Nkhotakota, kudzera msewu uja wodutsa m'nkhalango yosungirako nyama. Usipa wouma, utaka ndi mlamba wowamba sizivuta, zimapirira ulendo. Chambo chachiwisi ndiye chofunika kuchifunsa bwino kuti chafika liti, makamaka mwezi wa Okutobala kukatentha, kapena magetsi akakhala akuzimazima. Kumapeto kwa chaka, pamene asodzi a makoka amaletsedwa kuti nsomba ziswane, chambo chimachepa ndipo chimakwera mtengo. Wina akakuikirani kansomba kakang'ono nthawi imeneyo n'kumalumbira kuti ndi chambo, mwina ndi makumba a padamu. Nawonso ndi okoma, kungoti musawalipire mtengo wa chambo.

Muli ndi mwayi ngati mudzakhale kuno nyengo ya dzinja. Mvula ikagwa, kumsika kumabwera bowa wa m'tchire, ngumbi, chisoso, bonongwe ndi therere. Nthawi yake ikakwana mumapezekanso matondo, amene anthu oyandikana ndi nkhalango ya Kasungu akhala akutola kuyambira kale. Zoterezi sizilembedwa pa bolodi. Mumachita kufunsa kuti, "Mayi, lero kuseriko kuli chiyani?" Kawirikawiri zimene aphikira ana awo ndi antchito zimaposa zimene alemba.

Za ukhondo ndinene mwachidule. Tonse tikukumbukira kolera ya 2022 ndi 2023, imene inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Yang'anani posambira m'manja. Pakhale ndowa ya kampopi ndi sopo, kapena wina akuthirireni madzi ndi jagi. Beseni limodzi losambamo aliyense, tulukani. Kachumbari ndi kabichi wosaphika muzidya pamalo pokhapo pamene mwaona mmene amatsukira.

Mitengo sindilemba. Chichokereni Novembala 2023, pamene kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, mtengo wa mbale ya nsima sukhalitsa pa bolodi. Funsani musanasambe m'manja, ndipo funsani ngati masamba ndi nyemba zili momwemo kapena n'zapadera. Ambiri amalandira Airtel Money ndi Mpamba, koma muziyenda ndi ndalama zina m'thumba poti netiweki ili ndi masiku ake.

Mwati tchipisi chakukolani, ndamva, koma musathawe chiwaya chonse. Dzuwa likapendeka, cha m'ma 5 koloko, anyamata a kanyenya amayatsa moto. Apa napo nthawi ndiyo nkhani. Mbuzi imene yaphedwa tsiku lomwelo imaoneka: nyama yake ndi yofiirira bwino, yapachikidwa poonekera, ndipo mnyamatayo amadula inu mukuloza. Amaiponya pakati pa chiwaya pamene pali mafuta, kuitembenuza, kenako n'kuikankhira m'mphepete kuti ikhe. Pambali pamakhala kamulu ka mchere ndi ka tsabola wa kambuzi. Mumatola nthuli ndi kamtengo, kugunditsa pamchere, kugunditsa patsabola, n'kuponya m'kamwa mutaimirira pomwepo, uku mukukambirana za mpira ndi munthu amene simukumudziwa n'komwe dzina. Mafuta akakhala akuda bii ngati oyilo wotsitsa m'galimoto, pitani pa chiwaya china. Nthuli zimene zaunjikidwa kale m'mphepete zikudikira wogula, zisiyeni, nenani kuti akudulireni yatsopano. Za m'kati, monga chiwindi ndi matumbo opota, zimatha msanga, ndiye wozifuna amalawirira. Mang'ina amapezeka m'mabala ena, makamaka Loweruka ndi Lamulungu m'mawa, ndipo amene amawafuna kwambiri ndi aja anagona mochedwa.

Tsopano ku zakumwa. Malo omwera kuno ali m'magulu, ndipo munthu amasankha malinga ndi chimene akufuna usiku umenewo.

Pali mabala a m'mahotela ndi m'malo ogona alendo, monga ku Chikho Hotel ndi ku Kasungu Inn. Kumeneko n'kopita ndi abwana anu akabwera kuchokera ku likulu, kapena ndi mayi akunyumba akadzafika. Mumakhala pansi, mumamvana polankhula, galimoto ili mumpanda. Mumalipirako zambiri, ndipo chimene mukugula ndi bata.

Pali mabotolositolo a m'tauni ndi m'makomboni monga ku Chankhanga. Amenewa ndiwo mtima wa Loweruka. Mipando ya pulasitiki pakhonde, tebulo la pool pakona, kanema wa mpira, ndi chiwaya pafupi. Mowa wake ndi womwe mukuudziwa: Green, Special, Kuche Kuche, Chill. Pajatu Carlsberg inatsegula fakitale yake ku Blantyre mu 1968, yoyamba kunja kwa Denmark, ndipo ngakhale Castel inagula kampaniyo mu 2016, wokalamba aliyense pakhonde amangoti "Gilini mmodzi" ngati kale. Tsiku limene Bullets ikusewera ndi Wanderers, fikani msanga ndipo yambani mwaona kuti mwakhala pakati pa ofiira kapena a buluu musanatsegule pakamwa. Inu a ku Blantyre simuchedwa kudziulula.

Ndiye pali mathaveni a Chibuku, ndi kumidzi kumene amamwa masese. Ku thaveni ndi kumene mungamve nkhani zenizeni za boma lino, za mitengo ya fodya, za mavenda a soya, za njovu zimene zatuluka m'nkhalango n'kudya chimanga cha anthu. Nkhani ya njovuyi si yocheza. Mu 2022 anabweretsa njovu 263 kuchokera ku Liwonde kudzaziika m'nkhalango ya Kasungu, ndipo anthu a m'malire mwa nkhalangoyo ali ndi zambiri zonena. Pitaniko masana ndi munthu wodziwika pamalopo, gulani paketi, khutchumulani bwino, mverani. Mudzamvanso Chitumbuka chikusakanikirana ndi Chichewa, poti kumpoto kwa boma lino, cha ku Nkhamenya, anthu ambiri ndi olankhula Chitumbuka. Kachasu ndi timabotolo totchipa tosadziwika kochokera, musayerekeze.

Funso lanu la botolo m'mutu lili ndi yankho lake, ndipo yankholo ndi kalendala. Msika wa fodya umatsegulidwa cha mu Epulo, ndipo okushoni ya Chinkhoma ili konkuno, kum'mwera kwa tauni. Kuyambira pamenepo mpaka cha mu Ogasiti, Kasungu amasintha. Ndalama imalowa m'tauni nthawi imodzi. Mlimi amene wakhala miyezi yambiri akudzuka usiku, kufesa nazale, kuwokera, kuthyola, kusoka ndi kupachika m'zigafa, tsopano wagulitsa mabelo ake. Ambiri amagula malata, njinga yamoto, feteleza wa chaka chamawa, n'kubwerera kwawo. Koma alipo ena amene amati ayambe atsuka kukhosi, ndipo kutsukako kumatenga sabata. Mabala amadzaza ngakhale Lachiwiri, nyimbo zimakwera, ndipo kumabwera alendo ochokera kutali amene anunkhiza ndalama: akuba a m'matumba, a njuga, ndi ena amene sindiwatchula poti mwati muli pabanja. Ndewu zambiri zimabuka nyengo imeneyi, usiku kwambiri, ndipo kawirikawiri zimayamba pa zinthu ziwiri, mkazi kapena bilu.

Sindikunena kuti muzidzitsekera m'nyumba. Nyengo ya fodya ndi imenenso nyama imakhala yatsopano tsiku lililonse chifukwa imatha, ndipo mowa sukhalitsa m'firiji. Kungoti muzipita kumene mwini wake amakhalapo yekha, osati kongosiyira anyamata. Muzilipira botolo lililonse likamabwera, osatsegula bilu. Wina wosamudziwa akakugulirani, thokozani, bwezani kamodzi, basi. Ikamakwana 10 koloko muzikhala mukutsanzika. Pezani wakabaza mmodzi wokhulupirika, sungani nambala yake, azikutengani ndi iyeyo. Ngati muli ndi galimoto ndipo mwamwa, isiyeni. M1 usiku imadutsa mathiraki ndi mabasi amene sayembekeza kuti wina atulukira pakona mwadzidzidzi.

Januwale ndi Febuluwale zinthu zimatembenuka. Ndalama yathera ku feteleza ndi fizi, m'midzi nkhokwe zayamba kupepuka, ndipo m'mabala mumakhala anthu a pamwezi okhaokha: aphunzitsi, a zaumoyo, apolisi, a m'mabanki. Kwa mlendo wofuna kudziwana ndi anthu, miyezi imeneyi ndiye yabwino. Mwini bala amakhala ndi mpata wocheza nanu, ndipo mayi wa lesitilanti amakumbukira nkhope ya amene ankabwera nthawi yovuta. Koma nyengo imeneyi funsitsani za nyama, poti imayenda pang'onopang'ono. Juni ndi Julayi musaiwale jekete. Kuno n'kokwera, ndipo mphepo yake yamadzulo imabwera ndi fumbi, moti pakhonde la botolositolo aliyense amakokera mpando kufupi ndi chiwaya.

Pali njira inanso imene simunafunse. Funsani kuntchito kwanu ngati pali memo, kuja anthu amasonkha ndalama n'kupeza mayi wowaphikira nkhomaliro tsiku lililonse. Zimatchipa kuposa lesitilanti, mumasankha nokha ndiwo, ndipo mumadya ndi anzanu. Ngati palibe, yambitsani inuyo. Anthu anayi kapena asanu akwana, ndipo anzanu aja akuti kuno kulibe malo ndi amene adzayambe kulembetsa.

Mayi akunyumba akadzafika ndi ana, konzani Loweruka limodzi mupite ku Lifupa, m'kati mwa nkhalango ya Kasungu, mukaone mvuu padamu. Yambani mwaimba foni kuti mudziwe ngati kuli chakudya tsiku limenelo, apo ayi nyamulani chanu. Ndipo nyengo ya mvula funsani kaye za msewu musananyamuke ndi galimoto yaing'ono.