Mafunso Anu: Kodi asilikali a Keyala ankadya chiyani kunkhondo?

Chidutsireni mwambo wa mu November wokumbukira asilikali amene anafera kunkhondo, talandira makalata angapo ofunsa za chinthu chimene sichitchulidwa kawirikawiri pamwambowo, chomwe ndi chakudya. Tasankhapo makalata anayi.

*Akonzi, agogo anga aamuna anamenya nawo nkhondo ya ku Burma, ndipo mpaka tsiku la imfa yawo sanalole kuti nyama ya m'chitini ilowe m'nyumba mwawo. Ankatiuzanso kuti kunkhondoko chakudya chinkagwa kuchokera kumwamba, ife ana n'kumaseka poganiza kuti akungotisangalatsa. Kodi zimenezi zinali zoona? Nanga ankaidanira chiyani nyama imene ife tinkaiona ngati ya anthu opeza bwino?*
Mdzukulu wa msilikali, Zomba

Agogo anu sankanama. Asilikali ambiri a ku Nyasaland amene anapita ku Burma anali m'gulu lalikulu la 11th East African Division, momwe munali mabataliyoni a King's African Rifles, kapena kuti Keyala, ochokera kuno monga ya 2, ya 13 ndi ya 22. M'mwezi wa August 1944 gululi linapatsidwa ntchito yothamangitsa asilikali a Japan m'chigwa cha Kabaw, mvula ili pakati, ndipo linakafika ku Kalewa, m'mphepete mwa mtsinje wa Chindwin, kumayambiriro kwa December. Msewu wa m'chigwacho unasanduka matope okhaokha moti magalimoto ankatha tsiku lonse atangoyenda makilomita owerengeka, choncho njira yodalirika yofikitsira chakudya kwa anthu amene anali kutsogolo inali ndege za mtundu wa Dakota. Zitini, mankhwala ndi zipolopolo ankazitsitsa ndi parachuti, koma mpunga, ufa ndi chakudya cha nyulu ankangoziponya m'matumba ovekana, kuti lamkati likaphulika lakunja lisunge zimene zatayika. Thumba lotere likamugwera munthu linkatha kumupha, ndipo ngozi zotere zinkachitikadi. Mitambo ikatseka mapiri ndege sizinkabwera, ndipo phoso linkadulidwa mpaka kumwamba kutayera.

Tikabwera pa nyama ya m'chitini, imene Angerezi ankaitcha bully beef, inali nyama ya ng'ombe yothira mchere yochokera ku South America, makamaka ku Uruguay ndi Argentina, ndipo chitini chilichonse chinkalemera magalamu pafupifupi 340. Ubwino wake kwa akuluakulu a nkhondo unali wakuti sinkaonongeka msanga, koma m'dziko lotentha ngati Burma mafuta ake ankasungunukira m'chitini momwemo, moti msilikali akatsegula ankapeza nyama yofewa ikuyandama m'mafuta ofunda amchere. Kuidya kamodzi si nkhani. Vuto linali kuidya m'mawa ndi madzulo kwa milungu yambirimbiri, pamodzi ndi mabisiketi ouma amene ankafunika kuviika m'tiyi kuti mano alowe, chifukwa nyama yaiwisi ndi ndiwo zamasamba sizikanatha kufika kutsogolo zisanawole. Pamene mdani anali pafupi sankaloledwa ngakhale kusonkha moto, popeza utsi masana kapena kuwala kwa moto usiku kunkaulula pamene abisala, ndipo ngakhale ataloledwa, nkhuni za m'nkhalango yonyowa sizinkayaka msanga. Munthu amene anadya nyama imeneyi yosatenthetsa, ali m'dzenje lodzaza madzi, misundu ikumuyamwa miyendo, mnzake amene anagawana naye chitini dzulo lake atafa, sangaione ngati chakudya cha pa Khirisimasi. Ife tikuona kuti chimene agogo anu ankakana kuti chilowe m'nyumba chinali chikumbutso cha masikuwo, osati nyama yokha.

Pali chinanso chimene okalamba ambiri a Keyala ankadandaula nacho, chomwe ndi kusowa kwa nsima. Ufa wa chimanga sunkapezeka nthawi zonse ku Asia, ndipo mpunga ndiwo unkalowa m'malo mwake. Kwa mnyamata wa ku Karonga kapena ku Nkhotakota zimenezi sizinali zachilendo kwenikweni, koma wa ku Ntcheu kapena ku Dowa akadya mpunga ankaona ngati wagona ndi njala. Pamwamba pa zonsezi panali kambewu kachikasu ka mepacrine, mankhwala oteteza malungo, kamene aliyense ankayenera kumwa tsiku ndi tsiku pamaso pa mkulu wake. Lamuloli linali lolimba chifukwa General William Slim, mtsogoleri wa asilikali onse a Fourteenth Army, gulu lalikulu la Britain limene linkamenya nkhondo ku Burma, anapeza kuti mu 1943, pa munthu mmodzi aliyense wochotsedwa kunkhondo chifukwa chovulala, panali ena pafupifupi 120 ochotsedwa chifukwa cha matenda.

Komabe tisaiwale mbali ina. Kumalo ophunzitsira usilikali chakudya chinali chokwanira, ndipo anyamata ambiri ochokera kumudzi, amene sankadya nyama, shuga ndi mafuta ophikira mlungu uliwonse, ankanenepa m'miyezi yoyambirira. N'chifukwa chake mumatha kumva nkhalamba imodzi yomweyo ikutamanda phoso la Keyala lero, mawa n'kulinyoza. Zonse ziwiri zinachitika, malo ake ndi amene anali osiyana.

*Akonzi, kwathu timamva kuti abambo a agogo athu anagwidwa kukakhala amtengatenga pa nkhondo ya chiwaya, ndipo anabwerako ali mafupa okhaokha, n'kumwalira chaka chisanathe. Chimene sindimvetsa n'chakuti amati katundu amene ankasenza anali ufa. Zingatheke bwanji munthu kuonda ndi njala atasenza chakudya pamutu?*
Mayi wa ku Ntcheu

Mayi, funso lanu lafika pamtima penipeni pa nkhondo yoyamba ya padziko lonse monga inamenyedwera kuno. Kuyambira pa nkhondo ya ku Karonga ya pa 9 September 1914 mpaka kumapeto kwa 1918, dziko la Nyasaland linapereka asilikali pafupifupi 19,000, koma amtengatenga anali pafupifupi 200,000. Kuchuluka kumeneku kunabwera chifukwa cha njira imene chakudya chinkayenda. Katundu wa gulu la General Edward Northey, amene ankatsogolera asilikali a mbali ya Britain kuchokera kuno, ankalowera ku Chinde, n'kukwera mtsinje wa Zambezi, n'kuyenda pa njanji kudzera ku Port Herald, komwe lero ndi Nsanje, mpaka ku Blantyre, kenako pamsewu mpaka ku Fort Johnston, lero Mangochi, kumene sitima za panyanja zinkamunyamula kupita kumpoto. Kuchokera kugombe kukwera mapiri a dziko limene linkalamulidwa ndi Ajeremani, komwe lero ndi Tanzania, kunalibe njanji, misewu yoti galimoto n'kudutsa inali yochepa, ndipo ng'ombe, abulu ndi akavalo zinkafa ndi matenda a kashembe. Chotsala chinali mutu wa munthu.

Tsono tiyeni tiwerengere limodzi. Mtengatenga ankasenza katundu wolemera mpaka makilogalamu 27, ndipo iye mwini ankafunika kudya kilogalamu imodzi ndi kakang'ono pa tsiku. Izi zikutanthauza kuti m'masiku 24 ankatha kudya katundu wake yense, moti ngati ulendo unali wa masiku 12 kupita ndi 12 kubwerera, sakanafikitsa kanthu kwa asilikali. Ku Northern Rhodesia, lero Zambia, komwe mtunda wochokera pa njanji kukafika kunkhondo unali makilomita oposa 700, anawerengera kuti pankafunika amtengatenga 16,500 kuti tani imodzi yokha ya katundu izifika tsiku lililonse, ndipo mwa iwowa 14,000 ankangosenza chakudya cha anzawo a paulendowo. Ichi n'chifukwa chake kumeneko anafika potsegula njira ya mabwato kudutsa m'madambo a Bangweulu.

Akuluakulu a nkhondo akaona masamu otere, njira yachidule inali kuchepetsa phoso la wosenzayo kuti la msilikali lifike. Thumba limene abambo a agogo anu anasenza linali lowerengedwa, ndipo kulitsegula kunali kudziitanira chikoti. Chakudya chochepa chimene ankapatsidwacho nachonso chinali ndi vuto lake. Nthawi zambiri unali ufa wokhakhala wa chimanga ndi mchere pang'ono, nyemba kapena nyama zikumapezeka mwa apo ndi apo. Kumudzi mwamuna sankagwira mthiko, ndipo kuno anayenera kudziphikira yekha madzulo atatopa, miphika ili yochepa, madzi ali akuda, nkhuni zili zonyowa, mwinanso lipenga lonyamukira litalira nsima isanapse. Ufa wosapsa bwino ndi madzi oipa zinkabweretsa kamwazi, ndipo thupi lofooka kale ndi kamwazi silinkalimba likakumana ndi malungo kapena chibayo cha m'mapiri ozizira, kumene ambiri ankagona ndi kansalu kamodzi. Chiwerengero chimene chimatchulidwa kawirikawiri cha amtengatenga amene anafa ku mbali ya Britain m'nkhondo yonse ya kum'mawa kwa Africa ndi pafupifupi 95,000, ndipo ochuluka mwa iwo sanaphedwe ndi chipolopolo. M'chiwerengerochi n'kovuta kuti mulowe anthu ngati kholo lanu, amene anamasulidwa akudwala n'kukafera kwawo.

Njalayo sinathere kunkhondo kokha. Boma linkagula mbewu ndi ziweto mokakamiza m'midzi, amuna olima anali atachoka, ndipo chimfine choopsa cha 1918 chinapeza anthu ali ofooka kale.

*Kodi msilikali wakuda ndi mzungu ankadya zofanana? Ndikufunsa chifukwa malume anga, amene anali Msilamu, ankati iwo ankapatsidwa nyama yawoyawo.*
Wowerenga wa ku Mangochi

Sankadya zofanana, bambo. Asilikali a Britain anali ndi mndandanda wa phoso wosiyana malinga ndi mtundu wa anthu, ndipo wa mzungu unali ndi zinthu monga buledi, jamu, tchizi, mkaka wa m'chitini ndi nyama yankhumba, pamene wa msilikali wa kuno unkatsamira pa ufa kapena mpunga, nyama, nyemba kapena mtedza, mafuta, mchere, shuga ndi tiyi. Akuluakulu ankati akutsatira zimene mtundu uliwonse unazolowera, ndipo mbali ina zinali zoona, chifukwa ku Burma kokha kunali mindandanda ya phoso pafupifupi 30 yosamalira Ahindu osadya ng'ombe, Asilamu osadya nkhumba, Agurkha, Aafirika ndi ena. Koma sitingabise kuti kusiyanaku kunkayenda limodzi ndi kusiyana kwa malipiro ndi maudindo. Kumene kunkachepa ndi kutsogolo kwenikweni, komwe mkulu wachizungu ndi msilikali wake ankatsegula zitini za m'bokosi limodzi lomwe lagwa m'ndege.

Za malume anu n'zomveka. Ayao anali ochuluka mu Keyala kuyambira pamene gululi linakhazikitsidwa mu 1902, ndipo pakakhala chiweto chamoyo, chizolowezi chinali chakuti achizinge Msilamu kuti aliyense athe kudya.

*Timangomva za asilikali athu. Nanga adani awo ankadya chiyani?*
Mphunzitsi wa ku Karonga

Aphunzitsi, adani a m'nkhondo zonse ziwirizi anavutika ndi chakudya kuposa asilikali athu, koma anathana nalo vutoli mosiyana kwambiri. Asilikali a Japan amene anaukira Imphal ndi Kohima, matauni a ku India pafupi ndi malire a Burma, ananyamuka mu March 1944 ndi kamba wa milungu pafupifupi itatu yokha, akuthamangitsa ng'ombe zoti azipha m'njira, chifukwa mtsogoleri wawo, General Mutaguchi Renya, ankadalira kuti akalanda nkhokwe za Angerezi. Nkhokwezo sanazilande, ng'ombe zambiri zinafera m'mapiri, ndipo pofika mu July anabwerera m'mbuyo atataya anthu oposa 50,000, akufa, ovulala ndi odwala, ambiri mwa iwo chifukwa cha njala ndi matenda. Njira imene anathawira ndi yomwe asilikali a Keyala anadzadutsa pambuyo pake, ndipo m'mbali mwake ankapezamo mitembo ya anthu amene sanaphedwe ndi mfuti.

Ajeremani a m'nkhondo yoyamba anachenjera mwa njira ina. Paul von Lettow-Vorbeck, mtsogoleri wa asilikali awo kum'mawa kwa Africa, atatsekeredwa njira ya panyanja, anaphunzitsa gulu lake kudya za m'dziko momwemo. Ankaphika buledi wa ufa wa chimanga, mapira ndi chinangwa, ankagwiritsa ntchito mafuta a mvuu pophika, ndipo mankhwala a malungo atatha ankawiritsa makungwa a mtengo wa cinchona n'kumamwa madzi ake owawa. Chakudya chitachepa kum'mwera kwa dziko lawo anachepetsa gulu lake n'kuoloka mtsinje wa Rovuma pa 25 November 1917, ndipo tsiku lomwelo analanda katundu wa Apwitikizi ku Ngomano. Mu July 1918 anachitanso chimodzimodzi ku Namacurra, pafupi ndi Quelimane, komwe anapeza shuga, vinyo ndi zakudya zochuluka kuposa zimene akanatha kunyamula. Luso limeneli limatamandidwa kwambiri ndi olemba mbiri ya nkhondo, koma amene ankalipira anali anthu a m'midzi, chifukwa gululi linkakokolola nkhokwe ndi ziweto paliponse pamene ladutsa, n'kuononga zotsala kuti owathamangitsa asapeze chodya, kenako owathamangitsawo n'kudzafunanso chakudya ndi amtengatenga m'midzi yomweyo. Ngakhale ulendo wake womaliza, wolowa ku Northern Rhodesia mu November 1918, unalunjika ku Kasama chifukwa kumeneko kunali nkhokwe za katundu wa Angerezi. Uthenga wakuti nkhondo yatha ku Ulaya unamupeza pafupi ndi mtsinje wa Chambeshi, ndipo anakapereka zida ku Abercorn, komwe lero ndi Mbala, pa 25 November 1918.