Musalole kuti awasiye pakhomo popanda wowalandira

Achemwali, nkhani yanu yoti mukuganiza zowapititsa bambo ku senta yosamalira okalamba masana yandikumbutsa tsiku limene mpaka lero limandinjenjemeretsa, choncho mundikhululukire ngati nditalikitse.

Mayi anga anayamba kudwala matenda oiwalaiwala tili kale kuno ku England, ndipo Chingerezi chimene anagwira nacho ntchito zaka zambiri chinawathawa, anatsala ndi Chichewa cha kwathu ku Dedza chokha. Khonsolo itatiyendera, inatipezera malo ku senta masiku atatu pa mlungu, ndipo tinagwirizana kuti minibasi izibwera nawo ikamakwana 4:30 madzulo, dalaivala aziwapereka m'manja mwanga. Tsiku lina mu Disembala okalamba ena sanabwere, minibasi inafika 3 koloko ine ndikadali kuntchito. Dalaivala anawatsitsa pageti, anawaona akulowera chakukhomo, iye n'kumapita. Ine nditafika ndinapeza chikwama chawo chili pakhomo, jekete yawo ataikoleka pachitseko, mayi kulibe. Mukudziwa nokha kuti mwezi umenewo pofika 4 koloko kumakhala kutada kale, ndipo kunkagwa mvula yozizira. Ndinathamanga msewu wonse ndikukuwa "Amayi! Amayi!", ndinagogoda m'nyumba za anthu amene sindinalankhulepo nawo, manja akunjenjemera moti ndinalephera kawiri kuimba 999, nambala yoitanira apolisi pangozi. Apolisi anawapeza patatha maola atatu atakhala pamalo okwerera basi, atanyowa thupi lonse, milomo itasintha mtundu, akuuza wapolisi m'Chichewa kuti akupita kukatsekera mbuzi m'khola chifukwa kwada. Wapolisiyo sanamve ngakhale liwu limodzi. Mayi anagona m'chipatala masiku anayi chifukwa cha chibayo.

Mkulu wa pasentapo anandiuza kuti dalaivala anaganiza kuti m'nyumba muli munthu. Anaganiza! Munthu amene fomu yake inalembedwa kuti asasiyidwe yekha ngakhale mphindi imodzi, mukumusiya pageti chifukwa choganiza? Kupepesa kwake kunabwera m'kalata patatha milungu iwiri. Koma chimene chinandilasa mtima kwambiri ndi achimwene anga kumudzi, amene anayamba kulemba pa WhatsApp ya banja kuti ndawataya mayi m'manja mwa alendo ngati alibe ana, pomwe iwo sanawasambitsepo, sanawasinthepo zofunda pakati pa usiku, ndipo sanatumizepo ndi tambala yomwe.

Ndinawaletsa kupita ku senta miyezi iwiri, ndipo miyezi imeneyo ndi imene inandigwetsa. Mayi anayambiranso kugona masana n'kumayendayenda usiku wonse, chakudya akukana, dzuwa likamalowa akulira kuti ndiwaperekeze kwawo. Ine magazi anakwera, ntchito ndinatsala pang'ono kuisiya, ndipo ndinayamba kuwakalipira mayi anga enieni, chinthu chimene ndimachita nacho manyazi. Pamene ankapita ku senta ankadya pamodzi ndi anzawo mbale n'kuyera, ankaimba nawo nyimbo ngakhale mawu sankawamva, ankabwera atatopa n'kugona mpaka m'mawa. Ndinawabwezera ku senta yomweyo.

Choncho bambo apititseni, musamvere zonena za achibale. Koma musakhulupirire aliyense. Auzeni a ku senta alembe papepala kuti bambo aziperekedwa kwa munthu, ndipo akapeza pakhomo palibe munthu abwerere nawo n'kukuimbirani foni. Alembereni mawu ofunika a Chichewa monga chimbudzi, madzi, kuwawa ndi kuzizira, chifukwa mayi anga ankadzinyowetsa kumeneko kokha chifukwa palibe ankamva zimene akupempha. Lembani lero lomwe fomu ya apolisi yotchedwa Herbert Protocol, imene mumaikamo chithunzi, mankhwala ndi malo amene wodwala amakonda kupita, kuti akasowa musayambe kufotokoza zonsezi mukulira ngati ine. Pemphaninso khonsolo iunike zosowa zanu inuyo monga wosamalira wodwala, pakuti lamulo la Care Act la 2014 limakupatsani ufulu umenewo, ndipo ngati mumawasamalira maola 35 pa mlungu kapena kuposerapo funsani za Carer's Allowance, ndalama zimene boma limapereka kwa osamalira odwala. Mabungwe othandiza a Alzheimer's Society ndi Age UK akhoza kukuthandizani kupeza masenta a m'dera lanu. Masiku oyamba bambo adzakana kukwera minibasi, mwina adzakutukwanani. Mayi anga anakana milungu itatu, kenako anayamba kudikira pawindo atavala kale nsapato.