Mwanayo sakunama achemwali, mukhulupirireni

Achemwali, mwafunsa pagulu pano ngati mwana wanu akunena zoona kuti foni yake yasowa pa bwalo la ndege. Musamutukwane mwanayo, chonde. Ndawerenga makomenti onsewa oti wagulitsa foniyo, oti anyamata a masiku ano ndi akathyali, mpaka manja akunjenjemera pomwe ndikulemba pano. Akuti anaika foni m'kabeseni kaja pa makina ounikira katundu, atadutsa anangopeza lamba ndi nsapato basi? Zimachitika choncho ndendende. Inu mukusekanu simunaimepo pamalo paja osavala nsapato, manja m'mwamba, chikwama chanu chili uko ndi anthu osawadziwa.

Ine zinandionekera mu February 2024. Amene mumandidziwa pa Kamuzu Road ku Salima mukudziwa kuti geni yanga ndi zikwama, nsapato ndi maperefyumu. Unali ulendo wanga wachitatu wokaoda ku Dubai, ndiye musati ndinali mlendo. Kwacha inali itangogwa kumene, paja mu November 2023 anaitsitsa ndi 44 peresenti, dola ya kubanki kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700, ndipo olo pamtengo umenewo ukapita kubanki ankangoti mubwere sabata yamawa. Ndinatolera madola miyezi itatu, 50 apa, 100 apo, mpaka anakwana $2,300. Mwa amenewo $900 sanali anga. Anali a amayi anayi a kubanki mkhonde kwathu amene anandituma katundu. Mmodzi anachita kugulitsa mpunga wake wa ku Lifuwu, wina anatenga za usipa za amuna ake ku Senga Bay. Ndalama za thukuta zenizeni.

Ndinazigawa pawiri. $1,500 mu envelopu ya khaki, m'thumba la mkati la chikwama cha m'manja. $800 m'kathumba ka zipi komwe telala anandisokera mkati mwa siketi.

Ndinanyamuka pa Salima kusanache, msewu wa M14 uja mpaka Kanengo, kenako ku bwalo la ndege ku Lumbadzi. Kumeneko ndinadutsa bwinobwino. Tsoka linandidikira pa bwalo lomwe tinkasinthira ndege. Sinditchula dzina lake, a admin angachotse zonsezi pomwe ndikufuna muwerenge. Ndege yathu inafika mochedwa, unali usiku, ndipo ngakhale ukungosintha ndege amakuunikanso kachiwiri. Mzere wake ngati wa feteleza wa makuponi, anthu kukankhana, aliyense akuopa kutsala. Achitetezo akungokuwa: vulani nsapato, vulani malamba, laputopu payokha, zamadzi m'kapepala koonekera, botolo lisapose 100ml, fulumirani, fulumirani! Ndinaika chikwama m'kabeseni kamodzi, nsapato ndi juzi m'kena. Mtsikana wa yunifolomu anangozikankha zonse kulowa m'makina ine ndisanadutse, kutsogolo kwanga kuli anthu atatu. Bambo wina wa suti amene anali patsogolo panga chitseko chija chinamulirira, anabwerera, anatulutsa makiyi, chinaliranso, anabwereranso, makobidi. Ine ndikungoona chikwama changa chatulukira kale tsidya lija, chili chokha.

Nditadutsa ine, nanenso pii pii. Zipi ya kathumba kaja. Mayi wina anandikokera pambali, tambasulani manja, tembenukani. Kunditembenuza kumene kuja ndi pamene nsana wanga unaloza kuli chikwama. Anagwira pali kathumbako, ichi n'chiyani, ine ndalama, tulutsani tione. Ndinayamba kulimbana ndi zipi pamaso pa anthu, manyazi, siketi yapotoka, thukuta kamukamu. Ndikucheuka ndinaona mnyamata wa magolovesi a buluu chikwama changa atachitsegula, dzanja lili mkati. Ndinakuwa kuti changa icho, dikirani! Mayi uja anandigwira paphewa kuti ndiime chilili, sanamalize. Mphindi ziwiri, kaya zitatu, sizinapose apo. Nditafika, mnyamata uja anandionetsa kabotolo ka glycerine kuti ndi kameneka kamaoneka pa kompyuta, anakaponya m'bini, n'kundikankhira chikwama akumwetulira. Akumwetulira, achemwali! Mpaka lero nkhope imeneyo ndimaiona ndikatseka maso. Pomwepo pa mkuzamawu akuitana ndege yathu. Ndinapisa dzanja, envelopu ilimo, mtima pansi, nsapato kuphazi, liwiro.

Pa geti ndinati ndigule madzi. Kutulutsa envelopu ija, yopepuka ngati tsamba la mango louma. Kutsegula, munali $100 imodzi yokha, ngati kunditonza. Miyendo inazizira. Ndinakhala pansi, pansi penipeni pa matailosi, n'kukhuthula chikwama chonse, timapepala, mankhwala a mutu, chipeso, zonse mbwee. Ndinasanthula katatu malo amodzimodzi. Kukamwa kunauma gwa, kulira kunakanika, ndinkangoti Ambuye, Ambuye. M'mutu simunabwere ndalama zanga ayi, munabwera nkhope ya mayi wa mpunga uja akundiwerengera ndalama pakhonde panga, akunyowetsa chala ndi malovu.

Ndinathamanga kubwerera. Mnyamata uja palibe, akuti wasinthana ndi mnzake. Ndinakuwa, inde ndinakuwa, Chichewa ndi Chingerezi kusakaniza, mpaka panabwera mkulu wawo, bambo wamimba, wailesi m'manja. Funso lake loyamba: mayi, muli ndi chitsimikizo kuti ndalamazo munali nazo? Lachiwiri: risiti ya komwe munasinthira ili kuti? Ine risiti ndinali nayo ya $500 yokha ya kubanki, zinazo mukudziwa nokha komwe tonse timazipeza. Atangoona kuti ndazengereza, anadziwa kuti wandipeza. Ndinati tiyeni tione pa kamera, makamera ali pamwamba pathupa. Akuti kamera saonetsa munthu wamba, mpaka apolisi atsegule fayilo, ndipo ofesi yake ili kunja, mukapita ndege ikusiyani, tikiti ina mudzigulira nokha. Anandiyankhula mofatsa bwino, ngati akundithandiza. Amadziwa anthu amenewa. Amadziwa kuti wosintha ndege alibe nthawi, alibe visa yotulukira panja, alibe mbale m'dzikomo, ndipo sadzabweranso kudzalondola mlandu. Ndiwe nkhuku ya mlendo. Ndipo munthu amene amalipidwa kuti akuteteze ndi amene akukuvula nsapato, kukutembenuza, kukulanda chikwama m'manja mwalamulo, iwe osaloledwa kukana. Wakuba wa m'minibasi bola, amachita kukuzembera. Awa umawapatsa wekha ndi manja awiri.

Ena anena kuti mwina anali bambo wa suti uja ndi mnzake, paja pali akuba ena amayenda awiriawiri, wina kutsekereza mzere dala, wina kutola tsidya lija. Zimenezo zilipo, ndipo pa foni ndiye zosavuta, amangoiphimba ndi jekete n'kunyamulira limodzi. Koma wokwera mnzanga akanatenga envelopu yonse. Amene anakhala ndi nthawi yosolola ndalama, kusiyamo imodzi, n'kubweza envelopu m'malo mwake kuti ndikapisa dzanja ndimve kuti ilimo, ndi amene anali ndi chikwama chotsegula m'manja mwake. Palibe angandisinthe maganizo pamenepo.

Ndinasankha ndege. Ndinasaina kapepala kena komwe sanandipatse n'kope yomwe, n'kuthamanga. Ulendo wonse ndinalira chamumtima, chakudya osachikhudza. Mayi wina wa ku Zambia amene tinakhala limodzi ndi amene anandigwira dzanja, ndipo titafika anandilipirira malo ogona masiku awiri ku Deira, mu Dubai momwemo, munthu wosandidziwa. Ndi $900 yotsala ija ndinagulira amayi aja katundu wawo momwe ndikanathera, kuchotsapo chakudya ndi mayendedwe, wanga ayi ndithu. Ndinabwera ndi sutikesi imodzi yopanda kanthu.

Koma chimene chandilembetsa zonsezi si ndalama. Ndi tsiku lomwe ndinakhala pamphasa pansi pa mtengo wa mango, Lachinayi la banki mkhonde, ndikufotokoza. Onse zii. Kenako mmodzi, amene ndinkadya naye m'mbale imodzi, anati, "Koma amake mwana, pa eyapoti pamabedwa ngati pa depoti? Si paja pamakhala makamera?" Wina anaseka chapansipansi. Sabata isanathe, msika wonse unali utamva kuti ndadya ndalama za anthu, ndagula puloti ku Lilongwe. Bambo a kunyumba sananene kuti ndikunama, koma anandifunsa katatu masiku osiyana kuti ndifotokozenso mmene zinakhalira, ndipo ndinkaona kuti akufuna aone ngati nkhani isinthe. Zimenezo zinandipweteka kuposa mnyamata wa magolovesi. Katundu wa amayi aja anaperewera, ndinagulitsa firiji ya mafirizesi, ndinalowa katapila, ndinamaliza kubweza mu August. Tambala iliyonse. Koma mpaka pano mmodzi tikakumana pogula nsomba amayang'ana kumbali.

Ndiye mwana wanuyo panopa ali kudziko la eni, foni alibe, wabwereka ya mnzake kuti akuuzeni, ndipo inu mwabwera kudzafunsa gulu ngati akunena zoona. Akadzaona zimenezi zidzamulasa. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe, inu a makomenti oseka.

Zoti muchite lero lomwe. Pezani katoni ya foniyo ngati ili kunyumba, pali nambala ya IMEI, manambala 15, ndi imene apolisi amafunsa. Enanu imbani *#06# pa foni yanu pompano, ituluka, muilembe m'kope. Mutseketse SIM ku Airtel kapena TNM msanga, chifukwa wakubayo akalowa pa WhatsApp ayamba kupempha ndalama kwa abale m'dzina la mwanayo, ndiye palinso za Airtel Money ndi Mpamba. Alowe mu akaunti yake ya Google pa kompyuta, kapena iCloud ngati ndi iPhone, pamene paja amasakira foni yotayika, aitseke, ndipo imaonetsa pomwe inaonekera komaliza. Asinthe mapasiwedi. Kenako alembere ofesi ya katundu wotayika ya bwalolo, bwalo lalikulu lililonse limakhala nayo, chifukwa nthawi zina foni imatsalira pansi pa kabeseni, mabeseni n'kusanjikizana. Atchule tsiku, nthawi, nambala ya ndege, mtundu wa foni, malaya amene anavala, ndipo apemphe kuti zithunzi za kamera za nthawi imeneyo zisungidwe. Sasunga mpaka kalekale, zimafufutika, choncho osadikira Lolemba. Ine ndinalemba makalata anayi, anandiyankha kamodzi kuti akufufuza, basi mpaka lero. Komabe lembani. Foni ili ndi nambala, imalondoleka, si ngati madola.

Kukampani ya ndege musatayeko nthawi kwambiri. Ine ndinapita, anandiuza kuti pounikira si pawo, ndi pa eni bwalo. Iwo amayankha za sutikesi yomwe mwawapatsa pa kauntala n'kukumatirani kasitika. Imeneyo ikafika yong'ambika kapena yotsegulidwa, mumalemba fomu yotchedwa PIR musanatuluke pabwalo, ndipo dandaulo lolemba lifike pasanathe masiku 7, malinga ndi pangano la Montreal la 1999 lomwe makampani ambiri amayendera. Koma musati ndiye ndiziika foni ndi ndalama m'sutikesi, ayi, kumeneko ndiye kudyetsa fisi, ndipo power bank saloleza n'komwe m'sutikesi.

Kwa amene mukuyenda: ndalama zikhale pathupi. Ndikudziwa, kathumba komweko ndi kamene kanandiliritsa chitseko, koma za m'menemo ndi zimene zinapulumuka. Ingouzani telala asaike zipi ya chitsulo, aike kachingwe. Fodya wako ndi uyo ali pamphuno. Foni, wotchi, pasipoti, musaziike poyera m'kabeseni, zilowetseni mkatikati mwa chikwama mudakali pamzere, mutseke, ngati n'kotheka ndi kaloko. Akafuna kutsegula akuitanani, ndipo ayenera kutsegula inu muli pomwepo. Nsapato ndi juzi zitsogole, chikwama chikhale chomaliza, dzanja likhale pa kabeseni mpaka munthu wa patsogolo panu atadutsa. Akakukalipirani kuti mukuchedwetsa, akalipe. Akakupatulani kuti akusecheni, nenani kuti ndikufuna ndiziona katundu wanga, mwaulemu, osakuwa, chifukwa pamalo paja ukachita phokoso akhoza kukutsekera. Ngakhale kunena zoona ine ndikanapanda kukuwa mkulu uja sakanabwera.

Ndipo musachoke pamenepo musanaone zonse. Osangopisa dzanja ngati ine. Tsegulani, yang'anani ndi maso, werengani. Inde ndalama saonetsa pagulu, koma tembenukirani kukhoma muwerenge. Chikasowa, imani pomwepo, wakubayo akadali pafupi, shifiti isanasinthe. Ndege ikusiyeni ngati n'kutero. Ine ndinathamangira ndege ndipo ndimadandaula mpaka lero, ngakhale ndikanatsala sindikanakhala ndi ya tikiti ina, ndikanagona pabenchi. Risiti ya madola muzisunga, ndiponso muijambule. Musakhulupirire aliyense pabwalo la ndege, olo akumwetulireni bwanji.

Achemwali, mufunseni nambala ya ndege ndi nthawi imene anadutsa pamakinapo, munditumizire ku inbox, ndikuthandizani kulemba kalata ya Chingerezi usiku uno ndikatseka shopu, ndikadali nayo yanga ija tingosinthamo. Koma muyambe mwamuimbira pa nambala ya mnzakeyo, mumufunse ngati wadya.