Bambo anditsekera pasipoti ku Joni

Azakhali,

Kwathu ndi kwa Tengani ku Nsanje. Namondwe wa Freddy atatikokolera nyumba ndi munda mu Malichi 2023, ine ndi bambo a kunyumba tinagulitsa mbuzi zotsala, ana awiri n'kuwasiya kwa apongozi, ife ulendo wa ku Joni. Mwayi unagwera ine. Ndinapeza ntchito ya m'nyumba yogonera konko, kuchipinda kwathu ndimapitako Loweruka lokha. Iwo amadalira maganyu openta ndi osamalira maluwa, sabata ina imatha osagwira kanthu. Tsopano asintha. Foni yanga amaifufuza, malipiro akuti ndiziwapatsa onse poti anandilowola, ndipo pasipoti yanga anaitsekera m'chikwama chawo. Ndikafunsa amati, "Ukufuna uthawe ndi ndani?" Kwathu sanali otere. Nditani?

Mayi wothedwa nzeru, Johannesburg

Mwana wanga,

Tiyambe ndi pasipotiyo, zinazi zidikire kaye. Kabuku kameneko kali ndi nkhope yako ndi dzina lako, ndipo apolisi akakuimitsa panjira sadzafunsa kuti mwamuna wako ali kuti. Mmalawi akalowa m'dziko la South Africa wopanda visa amapatsidwa masiku 30 basi. Sunanene ngati muli ndi chilolezo chogwirira ntchito, koma ambiri a kuno kuchigwa masikuwo anawathera kalekale. Wopitiriza ndi masiku oposa 30, akamatuluka pa chipata cha Beitbridge amamuletsa kulowanso kwa zaka zisanu, ndipo wogwidwa amakadikirira ku Lindela, malo osungirako alendo opanda zilolezo, kuti amubweze kumudzi. Munthu wokhala pa moyo wotere sasiyana ndi mapepala ake. Uwapemphe modekha, usiku mutadya, uwauze kuti ukuopa kugwidwa chimanjamanja. Akakupatsa, jambula tsamba loyambalo pafoni, utumizenso kwa mchemwali wako. Akakaniratu, pita ku ofesi ya kazembe wa Malawi mu Johannesburg momwemo ukafotokoze.

Koma bambowa ndikuwamvetsa pang'ono, ngakhale sindikuwaikira kumbuyo. Kwa Tengani anali munthu. Amalawirira kudimba, madzulo n'kubwera ndi milamba pa chingwe, ana akuwathamangira. Lero amaima pakona pa msewu kuyambira mbandakucha, burashi ili m'manja, kudikira galimoto yoti iime, dzuwa n'kulowa palibe wawaitana. Akafika kuchipinda, mkazi kulibe, ndiwo zagulidwa ndi ndalama za mkazi yemweyo. Nsanje ukuionayo mkati mwake muli manyazi. Ndiye usamawawerengere m'maso kuti lendi ndalipira ine, magetsi ine. Amadziwa kale, n'chimene chikuwadya.

Za lobola ndiye ayi. Ine ndakalambira m'chigwa muno, ng'ombe za lobola ndaziona zambiri zikulowa m'makola, koma sindinaonepo ina yomangiriridwa malipiro a mkazi kumchira. Zimene zija zinali zothokoza makolo ako ndi kumanga ubale wa mabanja awiri. Thukuta lako lotsuka mbale za eni ndi lako, ndipo ulipereka pakhomo chifukwa banja ndi lanu nonse.

Gulani kope. Lamlungu mukhale pansi mulembe: lendi, chakudya, zotumiza kwa ana pa Mukuru, ndi zosunga zomangira nyumba kumtunda, kumene madzi a Shire safika. Iwonso zawo, kaya n'zochepa bwanji, zilowe m'kope momwemo, aone dzina lawo likuoneka pa malata amene mukugula. Kangachepe uzisungako pawekha, kokwanira tikiti ya basi yodzera ku Nyamapanda mpaka pa Mwanza. Si kuba kumeneko. Munthu wa kuno sagona m'mbali mwa mtsinje bwato lili kutali.

Chimene chikusowa kwambiri m'chipinda chanucho ndi anthu. Kwanu mukanakangana chonchi, m'mawa ankhoswe akanakhala atafika kale pakhonde. Mafoni alipo, mwana wanga. Imbirani ankhoswe a mbali zonse pa WhatsApp muli limodzi, nkhani ya lobola ainene ndi pakamwa pawo akuluakuluwo akumva. Mufunefunenso mpingo umene Amalawi amasonkhanako, bambowa apeze amuna anzawo. Maganyu ambiri kumeneko amamveka kudzera mwa anthu a kumudzi.

Kalata yako sinatchule za kumenya, ndiye ndikufunsa: dzanja linakufikapo? Ngati linatero, kope ndi ankhoswe zibwere pambuyo. Loweruka usapite kuchipindako, uwauze abwana ako, ndipo udziwe kuti bwalo la majisitireti kumeneko limapereka chikalata chotetezera mkazi wochitidwa nkhanza.

Undilemberenso mwezi ukatha, undiuze ngati chikwama chija chatsegulidwa.

Azakhali, Nchalo