Musathamangire kukawongoletsa msana wa amayi asanajambulidwe

Achemwali, mwafunsa ngati kuli bwino kupita ndi amayi anu a zaka 72 kwa anthu owongola msana ndi manja aja, poti msana wawavuta mwezi wathunthu ndipo ayamba kuyenda chowerama. Chonde musatero asanapimidwe kuchipatala.

Mayi akasiya kusamba, mafupa ake amayamba kufooka mkati ngati mtengo wofumbwa. Fupa la msana lotere limatha kuphwanyika pongosenza ndowa ya madzi ya malita 20, yomwe imalemera makilogalamu 20, ndipo kuwerama mwanenako n'chimodzi mwa zizindikiro zake. Wina akawadinikiza mwamphamvu kapena kuwapotola, akhoza kuwathyola nthiti kapena fupa lina la msana. Phokoso limamveka popotolalo si fupa kubwerera m'malo ayi, ndi mpweya chabe wa m'mfundo. Akakhala ndi mafupa olimba, kusisita pang'onopang'ono kulibe vuto.

Yambirani kuchipatala cha m'dera lanu, kaya ku Ndirande, Zingwangwa kapena Limbe, akupatseni kalata yopita ku Gulupu (chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth) kukajambulidwa X-ray ndi kuonana ndi a fizo, akatswiri ochititsa odwala mafizo olimbitsa thupi. Koma miyendo ikachita dzanzi kapena kufooka, mkodzo kapena chimbudzi zikamangotuluka zokha, pitani tsiku lomwelo. Akamaonda, kutuluka thukuta usiku, ululu n'kumakula akagona, auzeni adokotala mosabisa, chifukwa TB imagwiranso msana.

Pa mankhwala ndiye pamene ambiri timawapwetekera makolo. Brufen, Indocid ndi diclofenac wogula pagolosale amayambitsa zilonda za m'mimba, amawononga impso ndiponso amakweza BP, makamaka kwa okalamba. Panado wa 500mg ndiye wabwinoko: awiri, katatu patsiku, ndipo akhale mmodzi pa nthawi ngati ali ochepa thupi kwambiri.

Asamangogona tsiku lonse, minofu imafota msanga. Aziyenda mphindi 10 mpaka 15 pamalo osatsetsereka, m'mawa ndi madzulo. Azikhala pampando wolimba n'kuimirira kakhumi, atagwira tebulo ngati akudzandira. Botolo la madzi ofunda lokulunga m'chitenje, mphindi 15 pamalo powawapo, limathandiza. Tsache lalifupi lija alisiye, muwagulire la mpini wautali, ndipo pochapa beseni likhale patebulo, osati pansi.

Pofuna kulimbitsa mafupa, ndiwo zikhale za usipa kapena bonya wodya ndi minga yomwe, bonongwe, komanso mkaka kapena chambiko. Ngati anamwapo mankhwala otchedwa prednisolone kwa miyezi ingapo, mukanene kuchipatalako, chifukwa nawonso amafooketsa mafupa.