Mwana wanga wapatsidwa ziro chifukwa cha code ya pa intaneti

Mayi wina wandilembera motere: "Mwana wanga ali chaka chachiwiri ku yunivesite, akuphunzira za makompyuta. Aphunzitsi amupatsa ziro pa asainimenti ati anakopera code pa intaneti, ndipo amuitana kukaonekera ku komiti. Iye akuti sanalakwe chifukwa za pa intaneti n'zaulere ndipo aliyense amatenga. Ine za makompyuta sindizidziwa, chomwe ndikudziwa n'chakuti fizi ndikulipira ndi ndalama ya geni. Akunama ndani?"

Amayi, pepani ndi nkhawayi. Mwana wanu akunena zoona pa mfundo imodzi: aliyense amatengadi. Kuyambira 2008 pomwe tsamba la mafunso ndi mayankho la pa intaneti lotchedwa Stack Overflow linatsegulidwa, olemba code, kutanthauza malangizo omwe amapanga mapulogalamu a kompyuta, ngakhale amene amalandira malipiro onona, akathedwa nzeru amapita kumeneko kukaona momwe anzawo anathetsera vuto lofanana ndi lawo. Ntchitoyi imayenda choncho. Pomwe waphonya ndi pa mawu oti "zaulere". Mtengo wa mango wa m'mbali mwa njira uli ndi mwini wake. Mwiniyo akhoza kunena kuti odutsa azithyola, koma wodutsa sangafike nawo pamsika n'kumauza anthu kuti mtengowo anabzala yekha.

Apa pali milandu iwiri, ndipo mnyamatayu waiphatikiza. Wa ku komiti ndi wa sukulu. Aphunzitsi sakufunsa ngati mwini code analola. Akufunsa ngati ntchito imene wapereka ndi yake, pakuti malikisi amapatsidwa pa zomwe iye akudziwa. Ngakhale mwiniyo atalemba kalata yomuloleza, kupereka code ya wina ngati yako n'chimodzimodzi kulowa ndi likasa m'mayeso. Ophunzira ambiri amaganiza kuti akasintha mayina a ma variable (timabokosi tosungira zinthu m'code) n'kufufuta ndemanga za mwini, fungo latha. Pali pulogalamu yotchedwa MOSS, imene Alex Aiken anaipanga mu 1994, yomwe imayang'ana kamangidwe ka code osati mayinawo. Mbuzi yobedwa ukaisintha chingwe imakhalabe yomweyo. Ndiye ku komitiko asakakane chinthu chomwe aphunzitsi angachiike patebulo. Akasonyeze pomwe anatenga, gawo lomwe analemba yekha, ndipo akonzeke kufotokoza mzere uliwonse ngati atamufunsa. Awerengenso malamulo a kosiyo, chifukwa aphunzitsi ena amalola kutenga kachidutswa malinga watchula gwero, ena salola n'komwe.

Mlandu wachiwiri ndi wa lamulo la umwini, ndipo umenewu ndi womwe udzamutsate akadzayamba ntchito. Kuno kwathu tikamva za COSOMA timaganiza za oimba ndi ndalama zomwe mawailesi amalipira akaseweretsa nyimbo zawo. Koma mapangano a mayiko omwe Malawi ali nawo limodzi amaika pulogalamu ya kompyuta m'gulu limodzi ndi zolembedwa monga mabuku. Pangano la Berne, lomwe linayamba mu 1886, limati umwini umayamba pomwe munthu walemba, safunika kukalembetsa kulikonse. Choncho code yomwe ili poyera pa GitHub, tsamba lomwe anthu amasungapo ndi kugawana code, popanda laisensi iliyonse ndiyo yotsekedwa kwambiri: mukhoza kuiwerenga ndi kuichita fork (kupanga kope lanu) pa GitHub pompo, koma mwini sanakupatseni chilolezo choiika m'pulogalamu yanu yogulitsa. Ambiri amamva mosemphana, amaona ngati pomwe palibe chikwangwani n'pa dambo la aliyense.

Laisensi ndiyo mawu a mwini mango aja. Ya MIT ndi yofewa: tengani, sinthani, gulitsani ngati mukufuna, koma musachotse dzina la mwini ndi mawu a laisensiyo. Ya GPL, yomwe Richard Stallman anatulutsa koyamba mu 1989, ili ndi mano. Mukamanga pulogalamu yanu ndi code ya GPL n'kuigawa kwa anthu, muyenera kuwapatsanso code yanu pa laisensi yomweyo. Linux, pulogalamu yoyendetsa makompyuta, imayendera GPL, ndipo makampani akuluakulu anapsa nayo kale. Mu 2003 kampani ya Linksys inakakamizika kutulutsa code ya rauta (kachipangizo kogawa intaneti) yake ya WRT54G zitadziwika kuti mkati mwake munali Linux, ndipo pa code imeneyo m'pomwe panabadwira OpenWrt, pulogalamu yaulere yoyendetsa marauta. Mu 2008 bungwe la Free Software Foundation linasumira Cisco, mwini wa Linksys pa nthawiyo, pa nkhani yofananayo, ndipo anamvana kunja kwa khoti chaka chotsatira. Mayankho a pa Stack Overflow nawo ali ndi laisensi yake, CC BY-SA, yomwe imafuna kuti wotenga atchule wolemba ndi pomwe wazitenga, komanso kuti zomwe wasintha azigawe pa laisensi yomweyo. Mzere umodzi kapena iwiri yomwe aliyense angailembe mofanana sikhala nkhani, koma function (kachigawo ka code kogwira ntchito imodzi) yathunthu yoganiziridwa bwino ili ndi mwini.

Ine chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri pa ophunzira si khoti, pakuti si kawirikawiri kuti wina asumire mwana wasukulu chifukwa cha mizere khumi. N'kutenga chinthu chomwe sukuchimvetsa. Mu 2010 Andreas Lundblad analemba yankho lalifupi la Java (chinenero cholembera mapulogalamu) pa Stack Overflow, losintha chiwerengero cha ma byte, omwe ndi muyeso wa kukula kwa fayilo, kuti chizioneka ngati kB kapena MB. Patapita zaka, ochita kafukufuku anapeza kuti pa tizidutswa ta Java ta patsambalo tomwe anafufuza, kameneka ndi komwe kanakoperedwa kwambiri pa GitHub, ndipo ambiri sanamutchule. Mu 2019 mwiniwakeyo anaulula kuti munali cholakwika: ma byte 999,999 ankatuluka ngati "1000.0 kB" m'malo mwa "1.0 MB". Iye anakonza yankho lakelo. Amene analemba gwero pamwamba pa code yawo anali ndi njira yobwerera kukaona kuti lakonzedwa. Amene anafufuta mapazi anatsala ndi cholakwikacho, ena mwina mpaka lero. Kutchula gwero kumathandiza wotengayo kuposa mwini.

Za ChatGPT ndi anzake, mwana wanu asaganize kuti ndi khomo lothawira. Kwa aphunzitsi funso ndi lomwe lija: walemba ndani? Stack Overflow yeniyeniyo inaletsa mayankho a ChatGPT mu December 2022 chifukwa ambiri ankaoneka olondola pomwe anali olakwika.

Mwafunsa ndi mtima wa kholo, ndiye ndikhudzeko za ntchito. Pa ntchito zimenezi olemba anthu nthawi zambiri amapempha kuona GitHub ya munthu, ndipo pa intavyu amatha kutsegula pulojekiti yake n'kufunsa kuti apa munachitiranji chonchi. Wokopera amaonekera mphindi zochepa. Komanso GitHub imatsatira lamulo la ku America la DMCA la 1998: mwini akadandaula, code imatha kutsekedwa, ndipo makalata odandaulawo GitHub imawaika poyera kuti aliyense awerenge. Kampani yomwe ikupanga pulogalamu ya banki kapena ya chipatala sifuna wantchito amene angailowetsere code ya GPL mwakachetechete, mawa kasitomala n'kudzafunsidwa.

Ziro wa asainimenti imodzi m'chaka chachiwiri sathetsa digiri, amayi, malinga asawonjezepo bodza pamaso pa komiti. Musamukalipire ngati wathyola nyumba, koma musamuvomerezenso zoti aphunzitsi akumuda. Mumuuze kuti asanapite kumeneko atsegule mapulojekiti ake onse a pa GitHub. Paliponse pomwe anatenga kachidutswa, alembe ndemanga pamwamba pake yosonyeza linki, wolemba ndi laisensi. Zomwe anatenga kwa munthu yemwe sanaike laisensi azichotse, kapena amulembere uthenga wopempha chilolezo. Ndipo asainimenti yavutayo ailembenso yekha kuyambira pachiyambi, intaneti atazima, apite nayo m'manja tsiku lokaonekeralo ngakhale sanamuuze kutero.