Filimu ya mdzukulu wa Getty inandichititsa manyazi pamaso pa alamu anga

Mayi inu amene mwati munagona filimu ya All the Money in the World isanafike pakati, vuto si inu ayi. Ine mtima umandiwawabe ndikakumbukira mnyamata wa pamsika amene amatiikira mafilimu mu fulashi, chifukwa ndiye anandilumbirira kuti imeneyi ndi ya mfuti kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ati Mark Wahlberg amathamangitsa zigawenga mu Italy monse. Ndinalipira, ndipo madzulo ake ndinaitana alamu anga ndi akazi awo kuti tidzaonere limodzi.

Mwana wa m'filimuyi, John Paul Getty III, wa zaka 16, amabedwa mu mzinda wa Rome mu 1973 filimu itangoyamba kumene, ndipo tonse tinakhala tsonga poganiza kuti zayambika. Kuchokera pamenepo anatibweza m'mbuyo kukatisonyeza mmene agogo ake, nkhalamba J. Paul Getty, analemerera ndi mafuta, kenako kunali kukambirana kokhakokha: mayi wa mwana pa foni, maloya pa tebulo, nkhalamba ikuuza atolankhani kuti sipereka ngakhale kakobiri pa madola 17 miliyoni amene zigawenga zinkafuna, poti ili ndi zidzukulu 14 ndipo ikalipira zonsezo zibedwa. Wahlberg uja amangoyendayenda atavala suti ndi magalasi, mpaka kufika pokhulupirira kuti mwanayo anadzibisa yekha kuti adyere agogo ake ndalama.

Ine ndinkangoti, “Dikirani alamu, zikuyamba tsopano apa,” mpaka mawuwo anayamba kundichititsa manyazi ndekha. Alamu anayamba kusinza, mutu ukugwera pachifuwa, kapu ya tiyi itapendekeka m'manja, akazi awo ali pa foni, ndipo mayi a kunyumba ankandiyang'ana ndi diso lija losafuna mawu. Atatopa anapita kukapakula. Tsono nsima itangofika pa tebulo, tonse titasamba m'manja, ndi pamene zigawenga zinamugwira mwana uja n'kumudula khutu, kamera osachoka, magazi ali chuchuchu. Alamu anadzidzimuka ndi kukuwa kwa mwanayo n'kudzithira tiyi pa thalauza, akazi awo anakankhira mbale kutali ndipo sanadyenso, pomwe ndiwo zake inali nkhuku imene ndinapha chifukwa cha iwowo. Filimu ya maola awiri ndi kuposerapo, malo okhawo amene inathamanga magazi inasankha nthawi ya chakudya.

M'mawa mwake ndinapita kwa mnyamata uja, ndipo anandiyankha akuseka kuti iyeyo anangoonera kachidutswa kotsatsira malonda. Munthu wogulitsa chinthu chimene sanachione, n'kumalumbira pali mayi ake, ameneyo ndi wakuba basi, ndipo ndalama yanga sanabweze.

Komabe musaifufute, mayi. Muionerenso nokha masana, mutapuma bwino, ndipo musadumphe paliponse, chifukwa nkhani yake yagona pa umbombo wa nkhalambayo, munthu amene anaika foni yoponya ndalama m'nyumba mwake kuti alendo azidzilipirira okha. Christopher Plummer anasewera bwino kwambiri ngati nkhalambayo, chikhalirecho anamuitana mochedwa mu November 2017 kuti alowe m'malo mwa Kevin Spacey filimu itatsala pang'ono kutuluka. Zambiri zinachitikadi: khutulo analitumiza ku nyuzipepala ya ku Rome, mwanayo anamasulidwa mu December 1973 patatha miyezi isanu, ndipo agogowo anapereka madola pafupifupi 2.2 miliyoni okha, zotsala pa dipo limene anagwirizana n'kukongoza mwana wawo, bambo wa mnyamata wobedwayo, pa chiwongoladzanja cha 4 peresenti. Zoti nkhalambayo inamwalira usiku umene mwanayo anamasulidwa ndi zopeka za m'filimu, chifukwa inamwalira mu 1976. Koma alendo musawaitanire, ndipo mukafuna ya mfuti mufunse anyamata a pamsika omwewo, poti za mtundu umenewo ndi zimene amazidziwa.